NG'OMA YA M'CIFUWA IKATAYA NDONDOMEKO

Ku Chikwa, m'boma la Chama, ngakhale mwana wamng'ono amatha kusiyanitsa ng'oma yoombedwa ndi katswiri ndi ng'oma imene yagwidwa ndi wophunzira. Ya katswiri imayenda m'ndondomeko yake ndipo ovina saphonya phazi, koma ya wophunzira imathamanga, kenaka n'kuima, kenakanso n'kudumpha, mpaka gule yense kusokonezeka. M'cifuwa mwa munthu aliyense mulinso ng'oma imene imayamba kulira iye asanabadwe, ndipo siipuma usana ndi usiku. Ng'oma imeneyi ndiyo mtima, ndipo nayonso nthawi zina imataya ndondomeko.

Zimacitika m'midzi yambiri kuti mai amene sanakwanitse n'komwe zaka 40 amayamba kudandaula kuti mtima ukumuthamanga akamasinja mpunga kapena akamakwera mtunda atasenza ndowa ya madzi. Amapuma mobanika, mapazi amatupa, ndipo usiku sagona bwino pokhapokha atatsamira cinthu cacitali. Abale amangoti ndi kutopa kwa nchito ya kumunda. Tsiku lina m'mawa amapezeka kuti dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi zafa, pakamwa papotoka, ndipo mau sakutuluka. Pamenepo mudzi umayamba kunong'onezana za ufiti, acibale amadana, ndipo ndalama za thonje zimathera kwa oombeza.

Akatswiri ofufuza matenda a mtima asonyeza kuti kawirikawiri cimene cagwetsa mai wotere cinayamba kalekale ali mtsikana wa sukulu, ndipo cinayambira pa zilonda za pakhosi zimene sizinacizidwe. Mmodzi mwa anthu amene anagwira nchito yaikulu younikira nkhani imeneyi mu Africa ndi malemu Profesa Bongani Mayosi wa ku South Africa. Kufufuza kwake kunafika ndi muno m'Zambia, ndipo zimene kunapeza zikukhudza banja la ku Chikwa monga momwe zikukhudzira banja la mu Lusaka.

MMENE MTIMA UMAGUNDIRA

Mtima uli ndi zipinda zinai, ziwiri pamwamba ndi ziwiri pansi. Za pamwamba zimalandira magazi, ndipo za pansi zimawakankha kupita ku mapapo ndi ku thupi lonse. Pakati pa zipindazi pali tizitseko timene timatseguka mbali imodzi yokha kuti magazi asabwerere kumene acokera. M'cipinda ca pamwamba ca ku dzanja lamanja muli kamalo kamene kamatulutsa mphamvu yaing'ono ya magetsi. Kamalo kameneka ndiko mwini ng'oma, pakuti ndiko kamalamula nthawi yakuti zipinda zifinyike. Mtima wa munthu wamkulu amene wakhala pansi akupumula umagunda pakati pa ka 60 ndi ka 100 pa mphindi imodzi, ndipo mpata wa pakati pa kugunda ndi kugunda kunzake umakhala wofanana.

Mwa matenda onse okhalitsa amene amasokoneza kagundidwe kameneka, ofala kwambiri ndi amene madotolo amawacha atrial fibrillation. Pa matendawa zipinda za pamwamba zimaleka kufinyika mwamphamvu, zimangonjenjemera, ndipo za pansi zimagunda mosalongosoka. Magazi amene sakukankhidwa bwino amacedwa m'cipinda ca pamwamba ca kumanzere, ndipo monga madzi oima a m'thamanda amacita ndere, magazi oima nawonso amaundana. Kacidutswa ka magazi oundanawo kakathothoka kamayenda m'mitsempha mpaka kukatseka mtsempha wopita ku ubongo. Mbali ya ubongo imene yasowa magazi imafa, ndipo ziwalo zimene mbaliyo imalamulira zimafa nayo. Kumeneku ndiko kufa ziwalo kumene ku cipatala amati sitiroko. Munthu wa matendawa ali pangozi ya sitiroko pafupi kasanu kuposa mnzake wa mtima wolongosoka, ndipo ngoziyo imakula koposa ngati kacitseko ka mu mtima kacepa.

Ku maiko a ku Ulaya matendawa amadziwika ngati a okalamba. Mu Africa madotolo amawapezanso mwa anyamata, atsikana ndi amai a msinkhu wobereka. Kusiyana kumeneku ndiko kunafunika kulongosoledwa.

MUNTHU AMENE ANAWERENGA ODWALA

Bongani Mayosi anabadwa pa 28 January 1967 ku Mthatha, m'banja la dotolo. Anaphunzira udotolo pa University of Natal ku Durban, ndipo pambuyo pake anapita ku Oxford ku England kumene analandira digiri yapamwamba ya kufufuza mu 2003. Mu 2006 anakhala mkulu wa cigawo ca matenda a m'thupi pa University of Cape Town ndi pa cipatala ca Groote Schuur, comwe cija Dr Christiaan Barnard anaikirako mtima wa munthu wina mwa wodwala koyamba pa dziko lonse mu December 1967. Mu 2009 dziko lake linamupatsa ulemu wa Order of Mapungubwe.

Nchito yake yambiri inali pa matenda a mtima amene amagwira anthu osauka, amene maiko olemera anali atawaiwala cifukwa kwao anali atacepa. Mu 2005 iye anali mmodzi wa atsogoleri a msonkhano wa madotolo a mtima a mu Africa umene unacitikira ku mapiri a Drakensberg. Msonkhanowo unagwirizana pa zinthu zinai zolimbana ndi matenda ochedwa rheumatic heart disease: kudziwitsa anthu, kuwerenga odwala, kukumbutsa maboma udindo wao, ndi kupewa. Matenda amenewa ndiwo muzu waukulu wa kusokonezeka kwa kagundidwe ka mtima mwa acinyamata a mu Africa.

MUZU ULI PAKHOSI

Njira ya matendawa ndi yaitali koma ndi yodziwika bwino. Mwana, makamaka wa zaka za pakati pa 5 ndi 15, amatenga kacilombo kochedwa streptococcus kamene kamayambitsa zilonda za pakhosi, kutentha thupi ndi kuwawa pomeza. Kacilomboka kamafala msanga pamene ana amagona mothinana kapena kukhala ambiri m'cipinda cimodzi ca sukulu. Patapita masiku ocepa pakhosi pamapola pokha, ndipo makolo amaiwala. Koma mwa ana ena, patapita milungu iwiri kapena itatu, asilikali a m'thupi amene anadzuka kuti amenyane ndi kacilomboko amasokonezeka n'kuyamba kumenya thupi lomwe. Mwana amatentha thupi, maondo, akakolo ndi zigongono zimatupa ndi kuwawa, ndipo ululu umasamuka kucoka pa mfundo ina kupita pa inzake. Ena manja ndi nkhope zimagwedezeka zokha.

Mfundo zimacira, koma mtima umatsala ndi zipsera. Matendawa akabwerezabwereza, kacitseko ka pakati pa zipinda ziwiri za kumanzere kamauma, kamacepa kapena kamaleka kutseka bwino. Cipinda ca pamwamba cimakakamizika kugwira nchito yoposa mphamvu zake, cimafutukuka, ndipo pomaliza magetsi ake amasokonezeka. Kucokera pa zilonda za pakhosi kufika pa tsiku limeneli pangapite zaka 10, 20 kapena kuposerapo, ndipo n'cifukwa cake anthu ambiri saona kuti ziwirizi ndi cingwe cimodzi.

Ku Zambia nchito yofufuza matendawa mwa ana inatsogoleredwa ndi Dr John Musuku, dotolo wa mitima ya ana amene pa nthawiyo anali pa University Teaching Hospital mu Lusaka. Gulu lake linaunika mitima ya ana a sukulu 1,102 mu Lusaka ndi makina oonera mkati mwa mtima, ndipo zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 2018 zinasonyeza kuti pafupi ana 12 mwa ana 1,000 alionse anali ndi zizindikiro za matendawa. Anawa anapezeka m'kalasi, osati pa bedi la cipatala.

KALEMBERA WA ODWALA 3,343

Pakati pa 2010 ndi 2012 Profesa Mayosi ndi anzake, kuphatikizapo Dr Liesl Zühlke wa ku Cape Town, analemba m'kaundula mmodzi odwala 3,343 a rheumatic heart disease ocokera m'zipatala 25 za m'maiko 12 a mu Africa pamodzi ndi India ndi Yemen. Zambia, Malawi ndi Mozambique anali m'gulu la maikowo. Kalemberayu anachedwa REMEDY, ndipo zotsatira zake zinatuluka m'magazini ya madotolo ya European Heart Journal mu 2015.

Zimene anapeza zinali zomvetsa cisoni. Theka la odwalawo linali la zaka 28 kapena kucepera. Awiri mwa atatu alionse anali akazi. Mmodzi mwa asanu alionse anali kale ndi atrial fibrillation. Amene anali kulandira penisilini yowateteza kuti matenda asabwerere anali ongopitirira pang'ono theka. Mwa amene anafunika mankhwala oletsa magazi kuundana, pafupi asanu ndi awiri mwa khumi alionse ndiwo anapatsidwa, ndipo mwa amene anapimidwa magazi, osakwana mmodzi mwa atatu ndiwo anapezeka kuti mankhwalawo akugwira nchito pa mlingo woyenera.

Ofufuza anatsatira odwalawo kwa zaka ziwiri. Mu 2016 analengeza kuti 500 anali atamwalira, kutanthauza pafupi 17 mwa 100 alionse amene mbiri yao inadziwika, ndipo theka la omwalirawo linali lisanafike zaka 29. Imeneyi ndiyo misinkhu ya anthu amene amalima, amabereka ndi kulera. Phunziro lalikulu la REMEDY linali lakuti ambiri sanali kufa cifukwa ca kusowa kwa nzeru zatsopano ai, koma cifukwa cakuti mankhwala akale, odziwika ndi otsika mtengo sanali kuwafika mokwanira.

MANKHWALA AKALE APAMBANA ATSOPANO

Mankhwala oletsa magazi kuundana amene akhala akugwiritsidwa nchito kwa zaka zambiri ndi warfarin. Bvuto lake ndi lakuti mlingo wake umasiyana munthu ndi munthu. Akacepa magazi amaundana, akacuruka munthu amataya magazi. Cotero wodwala amayenera kupimidwa magazi kawirikawiri, nthawi zambiri kamodzi pa mwezi, pa kupima kochedwa INR. Pambuyo pake panatuluka mankhwala atsopano, monga rivaroxaban, amene safuna kupima kotere, ndipo ambiri anayembekeza kuti amenewa ndiwo adzapulumutsa odwala okhala kutali ndi zipatala zazikulu.

Pofuna kudziwa zoona, Profesa Mayosi pamodzi ndi Profesa Stuart Connolly ndi Profesa Salim Yusuf a ku McMaster University ku Canada anakonza kafukufuku wamkulu wochedwa INVICTUS, amene anayamba mu 2016 m'maiko 24. Dr Musuku anali mmodzi wa ofufuza ake. Odwala oposa 4,500 amene anali ndi rheumatic heart disease pamodzi ndi atrial fibrillation anagawidwa mwa maere m'magulu awiri, lina lomwa rivaroxaban ndi lina lomwa mankhwala a mtundu wa warfarin, ndipo anatsatiridwa kwa zaka pafupi zitatu.

Zotsatira zinafalitsidwa mu New England Journal of Medicine mu 2022, ndipo zinadabwitsa ngakhale ofufuza eni ake. Mwa odwala 2,275 omwa mankhwala atsopano, 560 anamwalira kapena kugwidwa ndi sitiroko ndi ngozi zina za mitsempha. Mwa odwala 2,256 omwa mankhwala akale, amene zinawacitikira zotere anali 446. Imfa zinali zocepa m'gulu la mankhwala akale. Ofufuza anachula kuti cimodzi mwa zifukwa cingakhale cakuti omwa warfarin anali kuonana ndi a cipatala kawirikawiri kaamba ka kupima magazi. Cotero kwa wodwala amene kacitseko ka mtima wake kanaonongeka ndi matendawa, warfarin ndiye wakhalabe mankhwala oyenera.

Profesa Mayosi sanaone zotsatirazi, pakuti anamwalira pa 27 July 2018 ali ndi zaka 51. Miyezi iwiri iye asanamwalire, mu May 2018, msonkhano waukulu wa World Health Organization unabvomereza mfundo yopempha maiko onse kulimbana ndi rheumatic heart disease.

ZINA ZIMAYENDA M'MAGAZI A BANJA

Si kusokonezeka konse kwa mtima kumene kumacokera pakhosi. Kuthamanga kwa magazi, ukalamba, mowa wopitirira muyeso ndi matenda ena a cithokomiro nazonso zimabweretsa atrial fibrillation. Palinso matenda ena osowa amene amayenda m'banja. Mu 2017 gulu la Profesa Mayosi, mothandizana ndi akatswiri a ku Italy ndi Canada, linalengeza kuti litafufuza banja lina la ku South Africa lapeza colakwika m'kambewu ka cibadwa kochedwa CDH2. Colakwikaco cimacititsa kuti mnofu wa mtima ulowedwe m'malo ndi mafuta ndi zipsera, ndipo mnyamata wooneka wamphamvu angagwe n'kufa mwadzidzidzi, makamaka pa masewera. Tanthauzo lake ndi lakuti banja limene lataya acinyamata awiri kapena atatu mwa imfa ya dzidzidzi liyenera kuuza dotolo mbiri imeneyi, m'malo mofunafuna mfiti pakati pa acibale.

NANGA KU CHIKWA?

Dziko la Mfumu Chikwa lili m'cigwa ca Luangwa, kumene Asenga amalima mpunga, thonje ndi cimanga, ndipo kumene mvula ikakula mitsinje imadzaza ndi miseu kubvuta. Makina a ECG olemba kagundidwe ka mtima pa pepala, makina oonera mkati mwa mtima ndi kupima kwa INR zimapezeka kawirikawiri m'zipatala zazikulu. Wodwala wa ku Chikwa angatumizidwe ku cipatala ca boma ku Chama, kucoka apo ku Chipata Central Hospital, ndipo ngati afunika opaleshoni ya kacitseko ka mtima ulendo umafika ku Lusaka, kumene kuli National Heart Hospital, mtunda wa makilomita oposa 500 kucokera ku Chipata. Banja lililonse limadziwa mtengo wa ulendo wotere. Ici ndico cifukwa cake mbali ya kafukufuku imene ili ya phindu koposa kwa anthu a m'cigwa ndi ya kuyambiriro kwa cingwe. Akuluakulu anati mmera mpoyamba.

Mwana amene akumva kuwawa pakhosi ndi kutentha thupi, makamaka ngati alibe cimfine kapena cifuwa, ayenera kupita naye ku kiliniki. Ngati a cipatala aona kuti ndi kacilombo kaja, nyeleti imodzi ya penisilini kapena mapiritsi a masiku 10 amakwanira kuteteza mtima, malinga ngati mapiritsiwo amwedwa onse ngakhale pakhosi patapola. Mwana amene mfundo zikutupa ndi kuwawa mosamukasamuka asangopatsidwa mankhwala a malungo kunyumba. Amene anapezeka kale ndi matendawa amayenera kulasidwa nyeleti ya penisilini milungu itatu kapena inai iliyonse kwa zaka zambiri, ena zaka 10 kapena kuposa, ndipo mwezi uliwonse wodumphidwa ndi khomo lotsegukira matenda.

Kwa akuluakulu, cida coyamba cili m'manja mwao momwe. Munthu akhale pansi apumule kwa mphindi zisanu, kenaka aike zala ziwiri, ca mkombaphala ndi ca pakati, pa mkono m'munsi mwa cala cacikulu, n'kumvetsera kwa mphindi yathunthu. Ngati kugunda kukubwera mosalongosoka monga ng'oma ya wophunzira, kapena kukupitirira ka 100 munthu ali cikhalire, apite akapimidwe. Malungo, kucepa kwa magazi ndi mantha nazonso zimathamangitsa mtima, cotero woweruza ndi wa cipatala. Kukomoka, cizungulire, kubanika ndi kutupa mapazi ndi zizindikiro zosayenera kudikira kukolola. Munthu amene wapotoka pakamwa, wafa dzanja kapena walephera kulankhula apite naye ku cipatala nthawi yomweyo.

Amene akumwa warfarin asaleke kapena kusintha mlingo mwa iwo okha, ndipo asunge masiku a kupima magazi. Auze a cipatala za mankhwala ena onse amene akumwa, pakuti a cifuwa cacikulu, ena otalikitsa moyo, asipirini ndi zitsamba zina zimasintha mphamvu ya warfarin. Ndiwo za masamba sizoletsedwa, koma kadyedwe kake kasamasinthe kwambiri mlungu ndi mlungu. Kukha magazi m'nkhama kapena m'mphuno kosaleka, mkodzo wofiira ndi cimbudzi cakuda bii ndi zizindikiro zofunika kuthamangira nazo ku cipatala. Mai wa matenda a mtima akambirane ndi dotolo asanatenge pakati, cifukwa pakati pamalemetsa mtima, ndipo warfarin angabvulaze mwana wosabadwa. Dzinja lisanafike, wodwala apangane ndi a kiliniki za mmene adzalandirire nyeleti ndi mapiritsi pa miyezi imene miseu imabvuta.

Mutu umodzi susenza denga. Mphunzitsi amene waona mwana akulephera kumeza, nyakwawa imene yamva kuti m'mudzi muli wofa ziwalo, ndi a komiti ya zaumoyo amene amasunga maina a ofunika nyeleti ya mwezi ndi mwezi, onsewa ali ndi gawo pa nchitoyi. Oyang'anira za umoyo nawonso ali ndi lao: kuonetsetsa kuti penisilini sakusowa m'makiliniki a m'cigwa, ndi kuti kupima magazi kukusendera pafupi ndi odwala.

Profesa Mayosi ndi anzake anawerenga odwala, anayesa mankhwala, ndipo anasiya yankho lolembedwa. Yankholo lidzapindulira Chikwa pa tsiku limene mai adzanyamula mwana wa zilonda za pakhosi kupita naye ku kiliniki mlungu womwewo, ndi kupeza kuti nyeleti ilipo.